Likongwe ndi Timakobiri Titatu ta Pabwinja

Padangokhala, kale nyama zikadali ndi mabwalo awo a milandu ndi nduna zawo, kudali mfumu dzina lake Kambuku. Ufumuwo sadachite kulowa ayi, adachita kulanda, n'chifukwa chake mtima wake sunkakhala m'malo. M'mawa uliwonse ankaitana nduna yake Njiri n'kuifunsa kuti, "Alipo wondiposa ine?" Njiri ankayankha kuti palibe, koma ankayankha maso ali pansi, ndipo Kambuku ankaziona zimenezo. Pofuna kuti aliyense azimugwadira, adatsekera chimanga chonse cha m'dzikomo m'nkhokwe zake, chonsecho iye chimanga sadya. Wofuna ngala imodzi ankayamba wakwawa pabwalo.

M'dziko lomwelo mudali Likongwe, kanyama kowonda ka mchira wautali, kodziwika ndi ntchito ziwiri: kuba mazira ndi kukana mlandu. Tsiku lina Tambala adamupezerera m'chisa cha mkazi wake, ndipo adamukokera kubwalo ndevu zikadali zonyowa.

"Wawa mfumu, ine ndimangowafungatira," adatero Likongwe. "Kunazizira."

"Nanga atatu asowawo ali kuti?" adafunsa Tambala.

"Amenewo ndawafungatira m'kati."

Kambuku sadaseke. Adagamula kuti Likongwe amangidwe ndi luzi ndipo aphedwe dzuwa lisanalowe.

Akumumanga choncho, adatulukira Njiri, matope okhaokha. Tsikulo adali atapita kukafukula mizu pabwinja la anthu, poti njala sinkasiya ngakhale nduna. Adagwada, nalavula pamphasa ya mfumu tizitsulo titatu tobulungira, topyapyala. Kamodzi kadali kofiirira, kena kotuwa, kachitatu kakuda bii, kobooka pakati.

Nyama zonse zidamvapo za timakobiri ta anthu, koma palibe idatiwonapo ndi maso. Zinkamvanso kuti mbali imodzi anthu amadindapo mutu wa mfumu yawo, ndipo mbali inayo amadindapo wamkulu wa nyama zonse.

Kambuku adatitembenuza ndi chikhadabo. Tidali tofufutika zedi. Manja a anthu adatisalaza zaka zambirimbiri, nthaka n'kudzamaliza. Sadaonepo kanthu.

"Ndani amadziwa kuwerenga zimenezi?"

Kenaka kumbuyo, pamtengo pamene adamangidwa, Likongwe adatsokomola.

"Zachisoni," adatero ngati akudziyankhulira yekha. "Dzinja katatu ndakhala pansi pa sitolo ya anthu, timakobiri tikundigwera pamutu. Nzeru zonsezo zipita nane kumanda lero."

Zoona zake zidali zoti pansi pa sitolo adakhalapo masana amodzi okha, akubisalira agalu. Koma Kambuku adalamula kuti amumasule.

"Tsiku lililonse kakobiri kamodzi," idatero mfumu. "Undionetse nkhope yanga. Ikapanda kuoneka, masiku atatuwo ndiwo moyo wako wonse."

"Wawa. Mundipatse phulusa, bwemba wonyika m'madzi, ndi mazira awiri."

"Mazirawo ngachiyani?" adafunsa Tambala.

"Amatsegula maso, achimwene."

Tsiku loyamba Likongwe adatenga kakobiri kofiirira. Chochita sankachidziwa. Adangokumbukira kuti adaonapo mayi wina akukwecha poto ndi phulusa, ndiye nayenso adayamba kukwecha. Kuti nthawi ipite, adapeka nyimbo pomwepo. Idali nyimbo yonyengerera kachitsulo kuti kadzuke m'tulo take tazaka, kasukusule, kanene mwini wake. Iye ankatsogolera, ndipo khamu linkavomera ndi liwu limodzi lofunsa kuti mwiniyo ndani, kwinaku likuwomba m'manja mwakachetechete.

Adakwecha, natsuka ndi madzi a bwemba, nakwechanso. Atatsuka kachitatu, dzanja lake lidaima. Pakachitsulopo padali patatuluka mwendo. Likongwe adayang'anitsitsa. Iye ankayesa kuti akunamiza nyama zinzake, koma kachitsuloko kadayankhadi. Pamwamba pa mwendowo padatuluka chifuwa chotukumuka, kenaka mchira wopindika, kenaka lipombo.

Nyama zidaunjikana. Zidayang'ana kakobiri, zidayang'ana Tambala, zidayang'ananso kakobiri.

"Ndine amene," adanong'ona Tambala, nthenga zitaima. "Andidziwa bwanji anthu akalekalewo, ine ndisanabadwe?"

Kambuku adadzuka pang'onopang'ono. "Ndiye kuti wamkulu wa nyama zonse ndi uyu?"

Tambala adagwa chafufumimba. Likongwe adaona kuti mdani wake watsala pang'ono kudyedwa, ndipo kwa kamphindi zidamukomera. Koma adaganizanso: mfumu ikatha kudya Tambala idzakhalabe yokwiya, ndipo woyandikira adzakhala iye.

"Wawa mfumu, ndifunseko. Mfumu ikamayenda ulendo, amatsogola ndani?"

"Wolengeza."

"Kakobiri aka ndi kakang'ono pa tonse titatu. Anthu amayamba ndi wantchito. Adinda wofuula m'mawa kuti dziko lidzuke, mwini dziko akubwera. Mukamudya, adzalengeze ndani nkhope yanu ikatuluka?"

Kambuku adaganiza, nakhala pansi. Tsiku lomwelo Tambala adapatsidwa udindo wolengeza za mfumu. Pochoka pabwalo adadutsa pafupi ndi Likongwe osamuyang'ana, koma adanena motsitsa kuti, "Mawa ndibweretsa mazira atatu."

Tsiku lachiwiri Likongwe adatenga kakobiri kotuwa. Adayambitsa nyimbo ija, khamu lidavomera, ndipo adakwecha ndi mtima wa katswiri. Koma aka sikadafune phulusa. M'malo motuluka, timizere tochepa timene tidalipo tidayamba kuzilala. Likongwe adasiya msanga, thukuta lili kamukamu.

"Bwanji?" adafunsa Kambuku.

"Aka n'kamanyazi, mfumu. Sikafuna kukhudzidwa."

Adakanyowetsa kuti achotse phulusa, ndipo pokakweza kuti akaumitse, kadapendekeka. Dzuwa lidali likadali m'munsi, ndipo lidamenya kachitsuloko cham'mbali. Pamenepo Likongwe adaona zimene sadaonepo. Pamalo pamene poyang'ana molunjika padali posalala, padadzuka timithunzi ting'onoting'ono. Akakaongola, timithunzito tinkathawa. Akakapendeketsa, tinkabwerera.

"Bwerani mmodzimmodzi," adatero, mawu ake atatsika. "Muweramitse khosi chonchi. Osapumira pamenepa."

Kambuku adayamba ndiye. Adaona timadontho tambirimbiri tandandalika m'mizere.

"Mawanga anga," adatero, ndipo kwa nthawi yoyamba nyama zidaona mfumu yawo ikumwetulira.

Likongwe akadangoti wawa, nkhani ikadathera pomwepo. Koma wachiwiri pamzere adali Njiri, ndipo Njiri adali ndi njala ya miyezi itatu. Adangoti wera, dovu lidagwa.

"Ichi ndi chimanga, mfumu," adatero. "Ngala zitatu. Makoko ake ndi awa."

Onse amene adayang'ana pambuyo pake adaona chimanga, ndipo Kambuku atayang'ananso, nayenso adaona chimanga. Adamugwira Likongwe pakhosi.

"Ndiye ine ndine ngala?"

"Ayi mfumu," adatero Likongwe movutikira. "Mundisiye ndipume, ndikuuzeni chimene chalakwika. Wolengeza wadutsa dzulo. Lero wadutsa wonyamula chakudya. Mfumu ndiye ikubwera pambuyo, monga mwa ulendo uliwonse. Koma taonaninso. Nkhokwe mukuionapo apa?"

"Ayi."

"Chitseko?"

"Ayi."

"Chimanga ichi chili poyera, chosenda kale, chongodikira pakamwa. Tizitsuloti timayenderana. Kachiwiri kakunena za chimanga cha poyera, pamene chathu chili chotsekera. Kachitatu kakamva kuti tatsutsana ndi kanzake, kadzakana kutsegula nkhope."

Kambuku ankafuna nkhope yake koposa mmene ankafunira kukwawiridwa. Masana omwewo nkhokwe zidatsegulidwa, ndipo Tambala adakwera padenga nalengeza mpaka mawu adasasa. Njiri adadya atagwada, misozi ikutsika.

Tsiku lachitatu pabwalo padalibe popondapo. Zidabwera nyama za kutali zimene zidamva kuti chitsulo chikuyankhula. Likongwe adatenga kakobiri kakuda kobooka pakati. Adakwecha ndi phulusa, osatuluka kanthu. Adakapendeketsa padzuwa, koma kudako kudameza kuwala konse. Kadali kakale kuposa tinzake, ndipo kadadutsa m'manja ambiri kuposa tinzake.

Koma Likongwe adabwera atakonzeka. Adapempha dongo lofewa la pachulu. Nzeru yake idali yoti adinde kakobiriko padongo, kenaka aliyense atatsinzina, ajambule yekha ndi chikhadabo kanyama ka mchira wautali, n'kukabayabaya mawanga.

"Aka n'ka mfumu," adatero. "Sikatuluka ena akuyang'ana. Nonse mutsinzine, ndipo nyimbo isaduke mpaka nditanena."

Onse adatsinzina, ndi Kambuku yemwe. Likongwe adatsogolera nyimbo yonyengerera kachitsulo ija, khamu lidavomera ndi funso lake, ndipo liwulo lidakula kuposa masiku onse. Adakanikiza kakobiri padongo ndi manja awiri, nakatukula mosamala. Adatulutsa chikhadabo kuti ayambe bodza lake.

Chikhadabocho sichidafike padongo.

Dongo lidali litagwira zimene maso ndi dzuwa zidalephera. Mbali iyi ndi iyo ya chibowo padaima zinyama ziwiri zoyang'anizana. Miyendo yake idali ngati mitondo. Makutu ake adali ngati malichero. Kukamwa kudatuluka mano awiri opindikira m'mwamba, ndipo pamene pamayenera kukhala mphuno padali chinthu chachitali ngati dzanja, chokwezedwa kumwamba. Zidali zing'onozing'ono padongopo, zosaposa njere ya nyemba, komabe Likongwe poziyang'ana adadzimva kuchepa ngati nyerere.

Khamu lidavomera kamodzi, kawiri, koma wotsogolera adali chete. Nyimbo idafooka, nizima. Nyama zidatsegula maso ndipo zidapeza Likongwe atakhala pansi, pakamwa pali yasa.

"Nena," adatero Kambuku. "Ndine?"

Likongwe adafunafuna bodza m'mutu mwake, ndipo sadalipeze.

"Si inu, mfumu."

"Nanga ndani?"

"Sindikudziwa."

Mawu amenewo palibe adawamvapo kuchokera pakamwa pa Likongwe, ndipo adaopsa nyama kuposa kubangula kwa mfumu. Zidabwera kudzayang'ana. Ina idati ndi Njiri atatupa, koma Njiri adapukusa mutu. Ina idati ndi nyama ya michira iwiri. Ina idati anthu adangopeka. Inu ndi ine tikuidziwa nyamayo, koma m'dziko limenelo idatha kalekale, agogo a agogo awo asanabadwe, ndipo ndi dzina lomwe lidapita nayo.

Pamenepo nthaka idatukumuka pafupi ndi mphasa ya mfumu, ndipo padatuluka mutu wa Mfuko. Mfuko adali bambo wa banja lalikulu, wokhala pansi pa nthaka, wosaona bwino, wosakonda misonkhano.

"Masiku atatu mukupondaponda padenga langa," adatero. "Ana sakugona. Kwagwanji?"

Likongwe adamukankhira dongo lija. "A Mfuko, inu mumaona ndi manja. Tapapasani apa, koma pang'onopang'ono."

Mfuko adapapasa miyendo, adapapasa makutu. Atafika pa mano aja adabwereza kawiri.

"Dzino ili ndikulidziwa," adatero. "Lapindika chonchi, n'kusongoka kunsonga. Lili kuseri kwa nyumba yanga. Bambo anga adalipeza akukumba njira, ndipo adalephera kuliboola. Timachita kulizungulira. Ife timati ndi muzu wa mwala."

"Lalikulu bwanji?" adafunsa Kambuku.

"Mfumu, ndikanena mudzati ndaphunzira kwa Likongwe. Kumbani muone."

Mfuko adaloza malo, ndipo Njiri adayamba kufukula. Zidamuthandiza nyama zonse za zikhadabo. Dzuwa lili pamutu, khasu la mphuno ya Njiri lidagunda chinthu cholimba. Adachotsa dothi, ndipo padaoneka poyera. Adatsatira poyerapo akuyembekeza kuti patha, koma sipankatha. Adafukula, nafukula, mpaka mnyanga wonse udagona poyera, wopindika ndendende ngati wa padongo uja. Kutsinde kwake kudali chigaza. Mfuko adachipapasa, nagwira pakamwa.

"Umu ndi mmene tidabadwira tonse," adatero. "Ana anga asanu ndi atatu amagona m'diso limodzi."

Kambuku adatsikira m'dzenjemo yekha. Adanunkhiza mnyangawo, kenaka adagona pambali pake, natambasula thupi kuyambira mphuno mpaka nsonga ya mchira. Mnyangawo udapitirira. Adakhala chigonere nthawi yaitali, ndipo nyama zimene zidali pamwamba zidachotsa maso, poti si bwino kuona mfumu ikuyezedwa ndi dzino.

Atatuluka, mawu ake adali ena.

"Ameneyu adayendapo pano?"

"Adayendapo, mfumu," adayankha Njiri, ndipo ulendo uno adayankha akuyang'ana mfumu m'maso.

"Adamupha ndani wotereyu?"

Kambuku adatembenukira kwa Likongwe. Dzuwa lidali litapendeka, masiku atatu aja adali atatha, ndipo nkhope ya mfumu idali isanaoneke. Likongwe adaona kuti nyama zikumuyang'ana mwachisoni, ndipo nzeru zake, zimene zidathawa m'mawa, zidabwerera.

"Wawa mfumu. Mundiphe, koma ndiyambe ndakuyamikirani mwayi wanu."

"Mwayi wanji?"

"Ndawerenga timakobiri titatu, ndipo tsopano ndamvetsa mmene anthu amasankhira. Tambala amamudinda, ndipo amamudya. Chimanga amachidinda, ndipo amachikazinga. Uyu adamudinda, ndipo taonani chimene chatsala. Anthu amadinda chimene dzanja lawo lachifikira. Inu sadakudindeni chifukwa sadakuoneni bwino. Mukufunadi kuti akuoneni?"

Kambuku adayang'ana mnyanga, adayang'ana mawanga a pachikopa chake. Adaganiza za manja amene adatha kugwetsa mwini dzino lija. Ubweya wa pamsana pake udaima.

"Mumasuleni ndithu," adatero motsitsa, ngakhale Likongwe sadali womangidwa.

Tsiku limenelo Kambuku sadabwerere pamphasa yake. Adakwera mumtengo wa masamba ambiri, ndipo kuyambira pamenepo amayenda mobisala, osafuna kuti wina amuone nkhope nthawi yaitali. Milandu adaisiyira Njiri. Njiri adalamula kuti dzenje likwiriridwe bwinobwino, Mfuko ndi ana ake abwerere kwawo, ndipo pamalopo pasamavinidwe.

Adamufunsa Likongwe chimene akufuna ngati mphotho. Onse ankayesa kuti anena mazira.

"Dongolo," adatero.

Adaliumitsa pamthunzi kuti lisang'aluke, ndipo ankaliyang'ana tsiku lililonse. Mlendo aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumuonetsa. Ambiri ankapukusa mutu. Dzinja litayandikira adafika Namzeze, mbalame yoyenda maiko, kudzamanga chisa. Likongwe adamuonetsa dongolo. Namzeze adangoyang'ana kamodzi.

"Njovu," adatero.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Njovu. Ndazisiya mwezi wathawu, kutsidya kwa mitsinje isanu ndi iwiri. Zinali makumi atatu, ndi ana omwe."

Likongwe adasendera pafupi. "Zamoyo?"

"Zamoyo. Zikamayenda, umayamba kumva m'mapazi, makutu asanamve. Ndipo zimayenda mwakachetechete, mwana ali pakati."

Likongwe adalitchula dzinalo kangapo, pang'onopang'ono, ngati akulawa. M'mawa mwake adakasiya dongo lija kwa Njiri kuti ana a m'dzikomo aziliona, natsanzika Tambala, yemwe adamuperekeza mpaka pamphambano, nauyamba ulendo wolowera kumene Namzeze adaloza.

Ngati adafika, palibe adabwera kudzatiuza. Koma zidzukulu zake zilipo. Mukadzakumana ndi likongwe panjira, mudzaona kuti amathamanga pang'ono, kenaka n'kuima chilili ndi miyendo iwiri, khosi m'mwamba, phee. Anthu amati akuyang'ana agalu. Sakuyang'ana agalu ayi. Akumvetsera ndi mapazi.

Ine yanga ndaitula pamenepa.